Njinga Yamoto Yomwe Inakana Kudzuka

Lachisanu lina, anthu atangotuluka mumzikiti wa kwa Mkwepa, kunamveka chiphokoso kuchokera kumsewu. Amene analipo amati nkhuku za m'mudzimo zinaleka kuikira mpaka mwezi wina unaoneka, ndipo ine sindingawatsutse. Anali Che Jawadu, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Joni, ali pachinjinga chamoto chofiira, chachikulu ngati nkhunzi ya ng'ombe. Pambuyo pawo pankabwera wogulitsa njinga wa ku boma atakwera kanjinga kamoto kakang'ono, konga kamene amayendera anyamata a kabaza. Zonse ziwiri zinali zamalonda, ndipo Che Jawadu anayenera kusankha imodzi tsiku lomwelo.

Chomwe ankafunira njinga mudzi wonse unkachidziwa. Mayi awo, Abiti Mdoka, ankadwala shuga, ndipo mwezi uliwonse ankayenera kukaonekera kuchipatala, tsidya la mtsinje wa Namiyala. Mtsinjewo chilimwe umaphwa n'kutsala mchenga wokhawokha, mchenga woti ngakhale mbuzi imawoloka ikupemphera. Miyendo ya mayiwo inali itatupa, ulendo wapansi sakanauthanso.

Pakhonde la mzikiti panali Shehe Twaibu, tsache lili m'manja. Anali munthu wophunzira kwambiri, moti chiswe chomwe chinadyako kitabu chawo china, buku la mapemphero, mpaka lero chimasala kudya m'mwezi wa Ramadani. Koma alendo akafika ankawafunsa iwo omwewo kuti shehe wa pano ali kuti, chifukwa ankawapeza akusesa.

Che Jawadu anazimitsa injini, napereka salamu, ndipo Shehe anayankha mwaulemu n'kuwafunsa za ulendo.

"Shehe," anatero Che Jawadu, "ndabwera kuti mundichitire pemphero la duwa panjinga iyi. Kusankha ndasankha kale. Kanjinga kenako ndangobwera nako kuti anthu aone kusiyana kwake."

"Mwachita bwino kubwera, Che Jawadu," anayankha Shehe. "Za njinga zamoto ine sindidziwapo kanthu, yanga ndi yopalasa. Koma ndiloleni ndifunse ngati mbuli. Ikakagwa pamchenga wa Namiyala, akaidzutse ndani?"

Che Jawadu anaseka. Anafotokoza kuti ku Joni ankadutsa pakati pa magalimoto akuluakulu ngati nsomba m'madzi, ndipo bondo lawo silinakhudzepo pansi. Shehe anavomera kuti zimenezo n'zotheka, poti kumeneko n'kwa phula. Kenaka anapempha kuti awakhululukire ukalamba, njinga zonse ziwiri azigoneke pamchenga wa pabwalopo kuti mtima wawo ukhale pansi. Wogulitsa uja anayala masaka kuopa kukanda penti, ndipo amuna angapo anazigoneka pang'onopang'ono.

"Yambani ndi yanuyo," anatero Shehe.

Che Jawadu anavula jekete la ku Joni, nagwira chiwongolero. Anakoka. Anasintha mbali, nakokanso. Kofia inagwa, mitsempha ya m'khosi inaima ngati mizu ya chinangwa, ndipo mapazi awo analowa pansi kwambiri moti pamalo pomwepo ndi pamene pali chitsime cha mzikiti lero, okumba anangopitiriza. Njinga ija inangoti phee, ngati mvuu yokhuta.

Anthu anayamba kuseka. Mkulu wina wosoka zovala anati mwina njinga yotereyi imamva Chizulu chokha, aiyese kuilankhula. Shehe anangokweza dzanja, kuseka konse kunatha. Anatsamiritsa tsache kukhoma, napita kukagwira nawo, n'kuitana amuna ena kuti athandize. Atagwirizana onse, m'pamene chinjinga chija chinaimirira.

"Pano tachuluka chifukwa lero n'Lachisanu," anatero Shehe, akudzisasa mchenga m'manja. "Pa Namiyala mudzakhala inu, mayi anu ndi dzuwa. Tayesani inayo."

Che Jawadu anapita pakanjinga kaja nkhope ili pansi. Mphamvu zonse zomwe zinakanika pachinjinga chija anazithira apa, ndipo kanjinga kanadzuka ndi dzanja limodzi. Ena amati pakanapanda wogulitsa kukagwira msanga, bwenzi katatera padenga la mzikiti. Anthu omwe ankaseka aja ndi amene anayamba kunena Mashaallah, ndipo wosoka zovala uja anavomera kuti ku Joni munthu uyu ankadyadi.

Abiti Mdoka anali atakhala kumbali ya azimayi, akuonerera zonsezi. Anadzuka ndi ndodo yawo, nayang'ana mpando wakumbuyo wa chinjinga chofiira, umene unali waung'ono ngati chikhatho komanso uli m'mwamba ngati chisa cha mbalame. Anapita pakanjinga kaja, nakhala cham'mbali pampando wake wautali monga amakhalira azimayi, anakonza chitenje, mapazi onse awiri napondetsa pachitsulo chopondera. Kenaka anauza mwana wawo kuti iwo satsikapo mpaka akaone khomo la chipatala.

Azimayi analulutira chapansipansi, poti panali pamzikiti. Koma Che Jawadu anali asanamasuke. Anayandikira Shehe n'kulankhula motsitsa mawu.

"Shehe, ndaona ndipo ndamva. Koma anthu adzati chiyani? Munthu wochokera ku Joni, panjinga ya kabaza?"

Shehe anatola kofia ija, naikuntha fumbi, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Adzati uyo akupita ndi mayi ake kuchipatala, ndipo madzulo adzati uyo wabwera nawo. Che Jawadu, pa swala iliyonse Allah amatilamula kuika mphumi pansi, wolemera ndi wosauka yemwe, kenaka tidzuke. Wokana kufika pansi sanabadwe. Gulani njinga yoti mukagwa nayo mudzuke nayo. Duwa yanga ndiichitira iyo akhalapo mayi anuyo."