Mboni ya Ngongole ya Nasimbeko

Khoti litagamula kuti a Kamwendo, tcheyamani wa msika, anathawa ngongole, dzina lawo linaipa kumabanki onse. Iwo anabisa nkhaniyo n'kupita kwa Nasimbeko wogulitsa tomato.

"Ukanditengere ngongole m'dzina lako. Ukakana, benchi iyi ndipatsa wina."

"Palibe vuto, a Tcheya," anatero Nasimbeko. "Mubwere Lachinayi mudzalandire nokha."

Lachinayi amayi a mumsika anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, poti mafomu a ngongole amawerengedwa pagulu. A Kamwendo anafika atavala jekete, chikwama kukhwapa.

Kalaliki wa bungwe lobwereketsa ndalama anatenga fomu ya Nasimbeko, n'kufufuza pafoni dzina la mboni.

"Mboni yanu ndi a Kamwendo? Awa khoti linawagamula chaka chatha, mpaka lero sanabweze. Ngongoleyi yakanika."

Nasimbeko anagwada mwaulemu. "Pepani a Tcheya. Anati ndilembe munthu wokhulupirika kuposa onse. Ndikanalembanso ndani, poti ndinu mumatisungira ndalama za maliro?"

Amayi onse anatembenukira kwa a Kamwendo. Nkhani ya benchi inafera pomwepo, inayamba ya ndalama za maliro.