Nkhuku ndi Tiyi wa Mng'ono Wake

Kalekale, mpeni ndi nkhuku zisanadziwane, Nkhuku ankamwa madzi ngati mmene imamwera ng'ombe: mlomo pansi, osaudzutsa mpaka ludzu litatha. Analibe chifukwa choyang'anira kwina.

Masiku amenewo Nkhuku anali ndi mbiri. Ankakhala kumapiri a ku Thyolo, kumene nkhungu imachedwa kudzuka kuposa mkamwini waulesi, ndipo ntchito yake inali yolawa tiyi. Sindikunena tiyi wa m'mapaketi uyu mumathira shuga mpaka supuni kuima, ana inu. Ndikunena tiyi wamuwisi, wogonera. Masamba ake ankangowafwafwaza pa phale, kuwayanika padzuwa, kuwafewetsa ndi nthunzi, kenako kuwatsindira ndi mwala mpaka aumbike ngati chigumu. Chigumucho ankachikulunga m'masamba ouma a nthochi n'kuchiiwala dala. Ukamwa tiyiyo chaka chomwecho, ankawawa ngati unamulakwira. Koma anali ngati mawu a akulu, ankakoma akagonera.

Mbalame zinkabwera kwa Nkhuku ndi tizidutswa ta zigumu zawo kuti awauze za ndani zakhwima bwino. Iye akangonyowetsa mlomo, chigamulo pompo. "Uyu munasunga pafupi ndi anyezi." "Uyu mwamufulumirira, kam'bwezereni kudenga." Sankazengereza, ndipo kupepesa sankakudziwa. Choipa chake n'chakuti nthawi zonse ankalondola.

Nkhuku anali ndi mng'ono wake, Nkhanga. Bambo awo asanamwalire anathyola masamba a mtengo umodzi, tsiku limodzi, n'kuumba zigumu ziwiri, china cha wamkulu, china cha wamng'ono. Patapita nthawi Nkhanga anapeza banja. Mwamunayo anali Nkhwali wa kuchigwa cha Shire, kumene dzuwa limaphika munthu ali moyo ndipo chinyontho chimalowa mpaka m'mphasa.

"Kuchigwa chilichonse chimavunda," anatero Nkhuku. "Nsomba, nsalu, ukwati. Ngati iwe wafunitsitsa kukavunda, pita, koma tiyi wa atate umusiye kuno."

Nkhanga anapita, tiyi anamutenganso. Nkhuku mawu akewo anawakonda, ndiye ankawanena pachitsime, pamaliro ndi pa zinkhoswe za eni, mpaka ana ankayesa ndi mwambi. Chigumu chake iye anachikulunga masamba pamwamba pa masamba, n'kuchimangirira kutsindwi, molunjika pa mafuwa, kuti chinyontho chisachione n'komwe. Sananyemeko ngakhale kamodzi. Ankangouza alendo kuti tiyi woposa onse m'dziko muno ali pamwambapo, alendowo n'kumavomera, poti woweruza anali yemweyo.

Zaka zinapita zambiri. Tsiku lina masana, Nkhuku akusesa pabwalo, anaona munthu akukwera chitunda atasenza mtolo. Anali Nkhanga. Nthenga zake, zomwe kale zinali zakuda bii, zinali zitachita mawangamawanga a imvi.

"Odi kuno, achemwali."

"Lowa. Kuchigwa kwatha?"

"Kwatha. Alamu anu tinaika. Ana aliyense analowera kwake."

"Ndinamva. Lowetsa katunduyo m'nyumba."

"Ayambe wakhala pano."

Nkhanga anatula mtolo uja m'mphepete mwa khonde, n'kutulutsamo kanthu kokulunga m'kansanza. Kanali kachidutswa ka tiyi, kochepa ngati chikhatho cha khanda.

"Achemwali, mawu anu aja ankandipeza konko, ankabwera ndi ogulitsa nthochi. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyema chigumu cha atate pang'onopang'ono. Mwana akabadwa ndinkanyema, mwana akatisiya ndinkanyema, madzi akasefukira n'kutenga mbewu ndinkanyemanso. Katsala ndi aka. Mukalawe pamodzi ndi wanu uja. Mukati wavunda, ndidziwa kuti ndi zaka zanga zomwe zinavunda, ndipo sindingakhale pakhomo pa munthu ngati chinthu chowola. Mukati sanavunde, ndilowetsa katundu."

Nkhuku anaseka pang'ono. Mumtima mwake ankamufuna mng'ono wakeyo, poti nyumba inali itamukulira ndipo wolankhula naye analibe. Anaganiza zoti akalawa anena kuti, "Wavunda, komabe khala," kuti onse aone kukoma mtima kwake. Mawuwo anawakonzeratu, ndipo ankamukomera.

Anaitana Bakha, wa nyumba yoyandikana nayo, kuti azithira madzi, pasakhale wonena kuti pachitika chinyengo. Bakha anali mayi wosasankha chakumwa. Kaya ndi tiyi wogonera, kaya ndi madzi otsukira mbale, kwa iye zonse zinali madalitso. Analinso ndi mphatso ina: nkhani ikalowa m'khutu mwake, inkafika kutsidya la mtsinje dzuwa lisanapendeke.

Nkhuku anatsitsa chigumu cha kutsindwi, nachimasula, nanyemako. Anaika timiphika tiwiri ndi tizikho tiwiri. Madzi oyamba anawataya pansi, poti amenewo ndi ongosukusula tiyi amene wagona nthawi yaitali. Bakha anawayang'ana akulowa m'dothi ngati akuperekeza maliro.

Nkhuku anayamba ndi wake. Madzi ake anali otuwa ngati udzu wa m'chilimwe. Atanyowetsa mlomo anamva utsi. Analawanso, n'kumva utsi womwewo, ndipo kuseri kwa utsiwo kunali kuwawa kuja kwa tsiku limene bambo awo anatsindira mwala. Tiyi uja sanakhwime. Mpweya sunkamufika, ndiye zaka zonsezo anangouma ali mwana.

Anatenga chikho chachiwiri.

Ameneyu anali wofiirira ngati uchi wa m'mphako. Fungo lake linali la mvula yoyamba ikagwa pa dothi lotentha. Pa lilime anawawa pang'ono, ngati munthu wongopereka moni, kuwawako n'kudutsa. Atameza, kutsekemera kunayamba kubwerera kuchokera kukhosi, pang'onopang'ono, mpaka kudzaza m'kamwa monse. Nkhuku anali atalawa tiyi wa mbalame zonse za m'mapiri, koma wotere anali asanamuonepo. Anakumbukira bambo ake, misozi n'kufika pafupi.

Anadziwa pompo. Ndipo anachita manyazi, manyazi osakanikirana ndi nsanje, amene amauma pakhosi ngati mbatata yopanda madzi.

"Bwanji, achemwali?"

Kutsogolo kunali maso a Nkhanga, akudikira. Kumbali kunali Bakha, khutu lili tcheru. Pansi panali chikho chija, chikununkhirabe. Malo okha opanda woyang'ana anali kumwamba. Ndiye Nkhuku, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anakweza mutu, natsinzina pang'ono, nayamba kuyendetsa mlomo ngati munthu amene akusinkhasinkha nkhani yozama.

"Tiyi wakale saweruzidwa ndi madzi amodzi," anatero. "Thiraninso."

Zimenezo zinali zoona, ndipo bodza lovala zoona ndi lovuta kuligwira. Bakha anathira. Nkhuku analawa wake, analawa wa mng'ono wake, mutu m'mwamba. Wake uja utsi unayamba kutha, koma utsi utachoka sipanatsale kanthu. Wa Nkhanga ankasintha madzi alionse. Pena ankamveka ngati masawu ouma, pena ngati thabwa la mtondo wakale, ndipo kutsekemera kuja sikunkachoka.

"Thiraninso."

Bakha, amene ankamalizira zotsala m'zikho, anapukuta mlomo. "Ine onse akundikomera. Komatu wofiirayu, amayi..."

"Wakufunsani ndani?"

"Palibe. Ndimangoti chibale ndi fupa, sichiwola."

"Inu ntchito yanu ndi madzi."

Bakha anathira. Mthunzi wa nyumba unachoka pakhonde n'kukafika pa nkhokwe. Nkhanga anangokhala, mapiko ali pamiyendo, osadandaula. Nthawi iliyonse mkulu wake akameza, iye ankasendera kutsogolo pang'ono, ndipo nthawi iliyonse ankangoona kukhosi kwa Nkhuku. Mawu anali pamenepo ndithu, ankachita kuoneka akukwera ndi kutsika. Nkhuku ankadziuza kuti anena pa chikho chotsatira, Bakha akapita kukatunga madzi ena. Koma Bakha anali atabwera ndi mtsuko waukulu.

Tiyi wofiira uja anasanduka wachikasu, wachikasu n'kusanduka wotuwa. Potsiriza Nkhanga anasuzumira m'chikho naona pansi pake.

"Watha, achemwali. Awa ndi madzi."

"Akadali ndi kakomedwe kakutali," anatero Nkhuku, maso ali kumitambo. "Ndikukamvetsera."

Nkhanga anaimirira. Kachidutswa kake komaliza kanali katathera m'kamphika, ndipo yankho sanalandire.

"Mukanati wavunda, ndikanalira, koma ndikanadziwa kuti mwandiyankha. Mlendo ndi mame, achemwali. Tsalani bwino."

Nkhuku anamva mtolo ukusenzedwa. Anamva mapazi akuchoka pabwalo. Ankaopa kuti akatsitsa mutu misozi igwera m'chikho Bakha akuona. Anakhala choncho mpaka mapazi aja anasiya kumveka. Pamenepo mantha anaposa manyazi. Anatsitsa mutu, mawu n'kutuluka okha.

"Wako ndiye wokoma!"

"Wanga uti?" anafunsa Bakha.

Pakhonde panalibe Nkhanga, panalibe mtolo.

"Walowera kuti mng'ono wanga?"

"Kaya. Inetu ndimayang'ana kumwamba komwe mumayang'ana inuko. Ndimayesa kuli kanthu."

Nkhuku anathamangira ku njira ya kuchigwa, koma kunalibe mapazi, poti kuchigwako Nkhanga analibenso wake. Anathamangira ku njira ya kuchitsime, anafunsa kumadimba, anaitana mpaka mawu anasasa. Nkhanga anali atalowa m'tchire, kumene kulibe njira yoti munthu n'kulondola.

Ndi chifukwa chake lero nkhanga imakhala kuthengo, ndipo ikafika pafupi ndi mudzi imangodutsa m'malire mwa minda, osalowa pabwalo. Nkhuku nayo tiyi inasiyira pomwepo, imamwa madzi okhaokha. Koma ikangonyowetsa mlomo, khosi limakumbukira. Imakweza mutu kumwamba, mlomo ukuyenda, mawu aja akukwera. Kenako imatsitsa msanga n'kuyang'ana uku ndi uku, kuona ngati mng'ono wake akadali pakhonde. Imapeza palibe, ndiye imamwanso.