Chipanda cha Kambalame

Kalekale, ine ndi iwe tisanaganiziridwe n'komwe, kunali mkamwini wina dzina lake Kambalame. Mkazi wake anali Nasiwelo. Ankakondana, moti anthu ankawaseka.

Kunagwa njala. Nkhokwe mbee! Kambalame anati, "Nasiwelo, ndikutsika ndi mtsinje. Ndikapeza nsomba, udya."

"Pitani, koma musakachedwe," anatero mkaziyo.

Anapalasa, napalasa, napalasa, mpaka kumene mtsinje umakumana ndi nyanja yamchere. Anamangirira bwato pamtengo, naponya mbedza. Nsomba! Kuponya, nsomba. Kuponya, nsomba.

Koma pakamwa panakana kudya. Akaotcha nsomba, ankangoona nkhope ya Nasiwelo.

Tsono kumeneko madzi ali ndi khalidwe lake. Amatsika, kenako amabwerera kumtunda, kawiri pa tsiku. Kambalame, munthu wa kumapiri, zoterezi anali asanazionepo. Ataona bwato likutembenuka, mphuno kuloza kunyanja, madzi akuthamangira kwawo, anaomba m'manja.

"Ha! Mtsinje ukupita kwathu! Ndiutume."

Anadzaza chipanda ndi nsomba zonona, nachiika pamadzi, akuimba:

Madzi, madzi, pita kwathu,
Kam'patse Nasiwelo adye.

Chipanda chinapita, nichikhota pangodya. Patapita nthawi madzi anatsika, chipanda chija nachi, chopanda kanthu.

"Wadya! Mkazi wanga wadya, wabweza ndi chipanda chomwe!"

Usaseke, iwe. Munthu akasowa mnzake amakhulupirira chilichonse.

Mawa lake, chimodzimodzi. Mkuja, chimodzimodzi. Mtima unkamuwawa, unkafuna kwawo, koma iye ankati, "Ndikachoka pano, adya chiyani?" Mwezi unatha. Mvula inagwa, inakata, inagwanso.

Tsiku lina Nkhanu anatuluka m'matope. "Achimwene, mumam'konda bwanji Katumbu? Wanenepa mpaka akulephera kusambira."

"Katumbu uti?"

"Wa pangodya apo, amene amadya nsomba zanu zija. Madzi awa safika kwanu ayi. Amangofika pabango paja, n'kubwerera."

Kambalame analumphira m'bwato. Anamasula chingwe, nayamba kulimbana ndi madzi. Anapalasa mpaka zikhatho zinatuluka matuza.

Atafika kumudzi anapeza nyumba yake itagwa denga. Atsibweni a Nasiwelo anamulandira ndi maso ouma.

"Mkamwini, zaka ziwiri osatumiza ngakhale munga wa nsomba? Tinati munafa, kapena munakwatira kwina. Mwana wathu tinam'pereka kwa mwamuna wina."

Anam'peza Nasiwelo akusinja, khanda lili kumbuyo. Anam'fotokozera zonse, za madzi, za chipanda, za Katumbu. Mkaziyo anasiya munsi, misozi ili mbwembwembwe.

"Njala ija tinapulumuka ndi nyika, mizu ija ya m'dambo," anatero. "Ine padooko sindinkapitira nsomba. Ndinkapita kukamvetsera ngati nkhafi yanu ikugunda bwato. Mukanangobwera, ngakhale chimanjamanja."

Khanda linalira. Nasiwelo anatola munsi, napitiriza kusinja.

Wamva, iwe amene ukumanga katundu wa ulendo? Kutumiza n'kwabwino, sindikukana. Koma amene wam'siya kunyumba sakhuta ndi zotumiza. Uzipita wekha, akakuone ndi maso.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepa.