Galimoto Imene Sinabooledwepo

Kuseri kwa nyumba ya oyimbitsa kwaya kunali kashedi ka malata, ndipo m'menemo munkagona galimoto yobiriwira imene malemu bambo awo anawasiyira. Inali ya makedzana, mabampala onyezimira ngati kalilole, mipando yachikopa yonunkhira polishi. Mpingo wonse unkawatchula kuti a Kwaya, ndipo unkadziwa kuti kupatula Mulungu ndi banja, mtima wawo unali m'kashedimo. Chimene ankanyadira koposa n'chakuti galimotoyo inali monga inatulukira kufakitale, palibe mmisiri anaiboolapo.

Ukwati wa mwana wawo wamkazi utayandikira, a Kwaya anamulonjeza kuti adzamutengera kutchalitchi pa galimoto ya agogo ake. Koma msewu wa kutchalitchiko anali atangouthira miyala ikuluikulu, pomwe galimotoyo inali yotsika ngati kamba.

Alamu awo, achimwene a mayi a m'nyumbamo, ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Tsiku lina anagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto.

"Alamu, mimba ya mkuluyu ili pamtetete," anatero. "Sampu iyi, mosungira oyilomu, ndi yopyapyala ngati chigoba cha dzira. Ndiloleni ndimange chitsulo chotchinga kunsiku. Ndingoboola timabowo tochepa."

"Kuboola? Galimoto ya bambo anga?" a Kwaya anawongola khosi. "Davide anakana zovala zachitsulo za Sauli, koma nkhondo anapambana."

"Eya, koma mwala unali m'manja mwa Davide. Kunoku miyala ili mumsewu, Goliati ndinu."

Mayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. A Kwaya sanaseke.

"Inu mukaona chinthu chokongola manja amakuyabwani. Kawotcherereni mawilibala."

M'mawa wa ukwati galimoto inatuluka ikung'anima, mkwatibwi atakhala kumbuyo ngati mfumukazi. Anthu m'mbali mwa msewu ankaimika manja, ena kuvula zipewa. A Kwaya chifuwa chinatupa, nayamba kung'ung'udza nyimbo yoyamika. Atafika pa miyala paja, kunsi kunamveka kuti khwaa!

"Bambo, chalira n'chiyani?"

"Palibe, mwanawe. Khala bwino, velo ingakwinyike."

Kanyali kofiira kanayaka patsogolo pawo. Anakaona ndithu, koma munthu wovala suti angaime bwanji n'kukwawa pansi maso onse aja ali pa iye? Anapondabe mafuta. Alamu aja, amene ankatsatira pa lole yawo, anaona mzere wakuda wa oyilo mumsewu n'kuyamba kuliza hutala mosalekeza. A Kwaya anayesa ndi chikondwerero cha ukwati, nawonso analiza yawo poyankha.

Posakhalitsa injini inatsokomola, inafuka utsi, kenako zii. Kuyambira tsikulo sinalirenso. Nsanja ya tchalitchi inkaoneka patali, belu likuitana.

Alamu anatsika n'kutsekula chitseko cha lole. "Bwera ukwere kuno, mwana wa mlongo wanga, abusa akudikira."

"Ayi, amalume. Bambo analonjeza. Ine nditsikira pakhomo pa tchalitchi, m'galimoto muno."

A Kwaya anangogwira chiwongolero. Ankadikira chipongwe, ndipo ankadziwa kuti chikuwayenera. Koma alamu anangotulutsa chingwe m'lole. Anavula jekete, anagona chagada pa miyala yothimbirira oyilo, n'kumanga chingwe kunsi kwa galimoto.

Motero mkwatibwi analowa pabwalo la tchalitchi m'galimoto ya agogo ake, ikukokedwa ndi lole pang'onopang'ono, iye mutu uli m'mwamba, kwaya ikuimba. Bambo ake anamutsekulira chitseko, misozi ili chuchuchu, ndipo palibe anafunsa ngati inali ya chimwemwe kapena ya manyazi.

Pakhomo a Kwaya anapeza alamu atabisala kuseri kwa chipilala, malaya ali bii.

"Pitani, ine ndikhala kumbuyo, ndingadetse anthu."

A Kwaya anagwira dzanja la oyilo lija ndi manja awo onse awiri, n'kuwatsogoza mpaka ku benchi la kutsogolo. Anali atamvetsa, ngakhale mochedwa, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.