Marigold ndi Fungo la Kutsidya

Kuseri kwa nyumba ya Elwood Tarr, pachilumba cha Chincoteague, kunali khola losesedwa bwino ngati chipinda cha mkwatibwi. Munkagona Marigold, hatchi wamawanga amene Elwood anamugula pa malonda opikisana mitengo a okushoni ali kamwana, chaka china mahatchi a kutchire atasambira kuchokera ku chilumba cha kutsidya cha Assateague. Mayi wake anabwerera kutsidya ndi gulu, iye n'kutsala.

Zaka zinayi Elwood ankamupesa ndi kumudyetsa maapozi m'manja. Koma mphepo ikabwera ndi fungo la dambo la mchere, Marigold ankasiya kudya n'kuima mphuno ili m'mwamba, ngati wamva dzina lake kumaloto.

Julaye atafika, mahatchi a kutchire anawolokanso monga amachitira chaka ndi chaka, ndipo Elwood ananena kuti tsiku lowaperekeza kwawo adzakwera Marigold.

"Bambo, kabwerekeni hatchi wa achimwene anu," anatero mkazi wake Nadine. "Uyu musapite naye kugombe."

"Mwana wolera ndekha andithawe? Amadya m'manja mwangamu!"

"Kudya amadyadi m'manja mwanu. Koma kulota amalota kutsidya."

Elwood anangoseka, n'kumanga chishalo.

M'mawa umenewo nkhungu inagona pamadzi ngati thonje. Operekeza, ali pamahatchi awo, ankadikira mphindi ija nyanja imaima, osadzaza osaphwa. Virgil, mnzake wa Elwood, anayang'ana Marigold n'kuimba mluzu.

"Mdala, mwabwera ndi dona! Mwamudzoza mafuta anji kuti aziwala chonchi?"

Gulu la mahatchi a kutchire linalowa m'madzi. Posakhalitsa inkangooneka mitu yokha, ikuyenda phee m'nkhungu ngati mizimu yopita kwawo. Kutsogolo hatchi wina wokalamba analira kamodzi. Elwood anamva thupi la Marigold likunjenjemera pansi pake. Anakoka zingwe, anachonderera, anatchula maina onse achikondi, koma Marigold anali atalowa kale.

Pakati pakuya chishalo chinapendekeka, chingwe n'kukola mwendo wakutsogolo. Mphuno ya Marigold inamira, inatuluka, inamiranso. Elwood anaona kuti akamukakamira, amuphera m'madzi momwemo. Anapapasa pansi pa mimba n'kumasula lamba, kenako anavula zam'mutu zonse ndi manja omwe aja ankamupesera.

Marigold anapepuka. Anasambira osacheuka, mpaka mawanga ake anasungunuka m'nkhungu.

Amuna ena amene anali m'boti chapafupi anamuvuula Elwood atakumbatira chishalo. Kugombe Nadine anamufunditsa thaulo, osanena kuti ndinanena.

"Musade nkhawa, mdala," anatero Virgil. "Mawa tikamugwira."

Elwood anayang'ana kutsidya. Dzuwa linali likung'amba nkhungu, ndipo patali hatchi wamawanga anali atazika mutu mu udzu wa mchere, kudya ngati wosala zaka zinayi.

"Musiyeni," anatero motsitsa. "Kwathu kuja anali mlendo."

Anabwerera wapansi, chishalo chikudontha paphewa, akumva mumtima zimene akale ananena: madzi saiwala khwawa.