Chikwama cha Lolemba

Ku Zomba, m'zaka zija magemu a pa kanema anayamba kulanda anthu ku bawo, kunali nyumba zitatu zoseweretsa gemu. Ina inali ya a Alufandika ku Chinamwali, ina ya mayi Consolata ku Mtiya, yachitatu ya Luckson ku Chikanda, kachipinda ka malata kuseri kwa ometa tsitsi. Onse atatu anali ndi makina amtundu umodzi, a kampani ya ku Japan, ndipo anali ndi mwambo wawo. Lolemba lililonse chikwama chakuda chothothoka zipi chinkayenda pa kabaza, khomo ndi khomo. M'katimo munkakhala zimbale za magemu, zingwe ndi mapadi, tija munthu amagwira m'manja posewera. Lamulo linali limodzi basi: usatengemo kanthu usanaikemo kanthu. Padi ikathyoka Lachisanu, mwini wake ankangopirira, podziwa kuti chikwama chili m'njira.

Luckson anali munthu woti akaika mtima pa chinthu, ngakhale mum'kokere ndi ng'ombe sabwerera. Makasitomala ake anali ophunzira a pakoleji, ndipo iwowa ankabwera ndi nkhani za pa intaneti. Akuti kunja makampani awiri a makina akujomphana ngati atambala, ndipo ku Amerika tambala wa ku Japan uja akuthothoka nthenga. Nkhaniyi inamulowa Luckson ngati minga. Chaka chimenecho mpikisano wa mpira wa pa gemu, womwe nyumba zitatuzi zinkalandizana, unali woti uchitikire kwake, ndipo iye anafuna kuti Zomba yonse idzaone chachilendo pakhomo pake. Anagulitsa makina ake awiri pamodzi ndi mapadi ndi zimbale zomwe, n'kutuma mlamu wake wa ku Joni kuti amugulire makina a kampani inayo, ya ku Amerika.

Mayi Consolata atamva anakwera kabaza mpaka ku Chikanda.

"Achimwene, ndamva kuti mwasamukira ku Amerika osatsanzika."

"Mayi, dziko likuyenda. Inu ndi a Alufandika mudzakalamba ndi makina a makedzana."

"Tikalamba nawo, ee. Koma tandiuzani, padi yanu ikafa mudzabwereka kwa ndani? Zimbale zathu m'makina mwanumo zilowa?"

"Zatsopano sizifa msanga."

"Ana a pakoleji mukuwadziwa inu? Akaphonya chigoli amafinya padi ngati akukama ng'ombe. Makampaniwo akamenyana kwawoko, aliyense ali ndi asilikali ake. Inu kuno asilikali anu ndi ife."

Luckson anangoseka. Lolemba lotsatira, wa kabaza ataima pakhomo ndi chikwama, Luckson anamukwezera dzanja ali chikhalire. "Pitirirani nacho, achimwene. Muno mulibenso ntchito."

Makina anafika ndi mapadi awiri, onyezimira ngati nsapato za mkwati. Masabata atatu oyamba Chikanda yonse inathera pakhomo pa Luckson. Anthu ankasuzumira pa zenera, ena kuima pa njerwa, ndipo ometa tsitsi anadandaula kuti makasitomala awo akuthawa mutu uli theka. Luckson ankayenda ngati mapazi sakugunda pansi. Analemba pa khoma ndi choko tsiku la mpikisano, n'kumangirira pa mtengo wa mapeyala mbuzi yomwe wopambana adzatenge.

Kutatsala masiku asanu, wophunzira wina wa zamalamulo anaphonya penate, nafinya padi. Kamtengo kake koyendetsera osewera kanangoti thyo! Panatsala padi imodzi. Tsono mpira wa pa gemu ndi wa anthu awiri. Padi imodzi ili ngati mtondo wopanda munsi.

Luckson sanakhale pansi kulira. Lachiwiri analawira kumsika kwa a Philip, okonza mawailesi, omwe mapadi a ku Japan ankawatsegula akucheza. A Philip anaitembenuza uku ndi uku, nayesa masikuludiraiva awo onse.

"Tizitsulo take n'tachilendo, bwana. Ndikakakamiza ndiswa. Ndipo ndikatsegula, chosinthira ndichitenga kuti? M'bokosi langali muli mitembo ya mapadi a ku Japan yokhayokha."

Lachitatu anakwera minibasi ya ku Limbe. Analowa sitolo ndi sitolo mpaka zidendene kuwawa, ndipo yankho linali limodzi: zimenezo sitisunga, sizigulidwa kuno. Anaimbira mlamu wake, yemwe anati basi yonyamula katundu inyamuka sabata ya mawa. Pobwerera anapeza ophunzira ataima pa khoma paja pa choko, akunong'onezana kuti mpikisano usamukire ku Chinamwali. Luckson ankadziwa tanthauzo lake. Anthu a gemu ali ngati njuchi: zikasamuka mng'oma sizibwerera.

Wometa tsitsi ndiye anamuuza kuti pamwamba pa phiri, pa nyumba ina yogona alendo, pali bwana wochokera kunja yemwe ali ndi makina otero. Lachinayi m'mawa Luckson anaika padi yakufa ija m'thumba, nayamba kukwera wapansi, kudzera njira yachidule ya onyamula nkhuni. Anapyola m'mitengo ya paini, thukuta lili kamukamu, akupatukira azibambo otsika ndi njinga zosenza nkhuni mpaka kupitirira mutu. Amayi ogulitsa mabulosi anamuitana, iye osacheuka. Dzuwa lili paliwombo anafika, napeza mayi wina, a Maliya, akuyanika nsalu za pabedi.

"Bwana wa magemu uja? Iii, mwachedwa, bambo. Anapita kwawo mwezi watha, katundu yense ananyamula. Chomwe anatisiyira ndi galu uyo. Ngati mukumufuna, tengani, amadya kwambiri."

Luckson anakhala pa mwala. Nkhungu itang'ambika anaona tauni yonse pansi pake: Chinamwali uko, Mtiya apo, Chikanda kumusi. Kuchokera pamwambapo malo atatuwa anali pafupi ngati mafuwa. Iye anali atafika ku Limbe, atakwera phiri, atatumiza mawu ku Joni, koma makomo awiri oyandikira kwambiri sanagogodepo. Anadzuka, nakutumula fumbi, natsika ndi mtima wosabwerera womwe anakwera nawo uja. Sanapite kwawo. Analunjika ku Mtiya.

Anapeza mayi Consolata akupukuta zimbale ndi kansalu, a Alufandika atakhala pa benchi.

"Ee, a ku Amerika aja! Mwatera liti?" anatero a Alufandika. "Nanga matope a m'miyendowo, ndege yake yotani?"

"Sekani, bambo, ndi ufulu wanu. Matopewa ndi a kuphiri, komwe ndinakafuna padi. Ndabwera kudzapempha. Loweruka mpikisano uchitikire kwanga, pa makina anu. Ndinalakwa kubweza chikwama."

Mayi Consolata sanakweze maso. "Lamulo mukulidziwa, achimwene. Muikamo chiyani? Chimbale chanu kwa ife ndi chovundikira kapu."

Luckson anayang'ana manja ake. Analibe chingwe, analibe padi, analibe kalikonse koti mnzake angagwiritse ntchito. Kenaka anayang'ana miyendo yake yamatope ija.

"Ndiikamo miyendo. Chikwama chisakwerenso kabaza. Lolemba lililonse ndizichisenza ine, Chinamwali, Mtiya, Chikanda, mpaka tsiku lomwe ndidzapezenso makina olowa zimbale zanu."

A Alufandika anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, landirani. Miyendo yokwera phiri chifukwa cha padi si miyendo yoitaya."

Loweruka m'mawa makabaza atatu anaima ku Chikanda atanyamula makina awiri, mapadi asanu ndi imodzi, ndi mayi Consolata atakumbatira kanema pamiyendo. Mpikisano unachitika, phokoso linamveka mpaka ku mseu, ndipo mbuzi inapita ku Chinamwali ndi telala wina wa zala zofulumira. Makina onyezimira aja anakhala pakona atafundidwa nsalu, ophunzira akuikapo mabuku awo.

Ophunzirawo sanasiye kubwera ndi nkhani za kunja, lero kampani iyi yapambana, mawa inayo. Luckson ankangogwedeza mutu. Miyezi isanu ndi iwiri, mpaka anapezanso makina a ku Japan, dzuwa kapena mvula, anthu a m'mbali mwa mseu ankamuona Lolemba m'mawa, chikwama chakuda chili pamsana, akuyenda mwandawala ngati wotumidwa ndi boma. Akabaza ankamuimbira belu momuseka, iye n'kuwakwezera dzanja osachepetsa liwiro. Anali atadziwira pa miyendo yake zomwe akulu ananena kale: mutu umodzi susenza denga.