Mtondo Wosamva Munsi

Kalekale kunali bambo wina dzina lake Chimwaza, mmisiri wosema mitondo. Munthuyu mawu olunjika analibe. Ukamufunsa njira ankakuyankha ndi chilape, ndipo ukalephera kumasulira ankati, “Ndibaire.” Pamenepo unkayenera kuvomera kuti wagonja n’kumupatsa ng’ombe ya pakamwa chabe, iye n’kukuuza yankho akuseka.

Chaka china mvula inadula mmera ukadali m’mawondo. Chimwaza anadwala, ndipo atazindikira kuti sadzukanso anaitana ana ake atatu: Mlauzi woyamba kubadwa, mlongo wake Nangozo amene anali ndi khanda kumsana, ndi Kadzamira, chitsiriza wopuwala miyendo. Mapira bamboyo anali atabisa kale, poopa kuti Mlauzi awathera ku mowa njala isanafike.

“Chilape,” anatero nkhalambayo, mawu akuthera kukhosi.

“Nachize, bambo.”

“Nkhokwe yanu ili pansi pa mtondo umene sunamvepo munsi.”

Anatsirizika madzulo omwewo, yankho n’kupita nalo kumanda. Njala itafika pachimake, mawere a Nangozo anauma, ndipo khanda lija, Mwandida, linayamba kulira kosatulutsa misozi.

Mlauzi sanataye nthawi. Kuseri kwa nyumba kunali mitondo isanu ndi iwiri yatsopano imene bambo ake anasiya asanagulitse. Anaigubuduza yonse n’kukumba pansi pa uliwonse mpaka dzenje kumufika m’chiuno. Manja anatuluka matuza, matuzawo n’kuphulika, koma anangopeza chiswe. Mphamvu anali nazo ndithu, ndipo mwanayo ankamukonda. Chimene analibe ndi khosi lowerama, ngakhale ankadziwa bwino kuti safunsa anadya phula.

Kadzamira yankho analidziwa tsiku loyamba lomwe. Koma uyu ndi munthu amene anakula akudya makombo, abale ake akumutcha Chokwawa, ngakhale pamaso pa alendo. Kukakumba yekha sakanatha, chifukwa malowo anali kutsidya kwa mtsinje. Choncho anakhala pakhonde pake n’kumaonerera fumbi la mkulu wake.

“Iwe, ngati ukudziwa nena,” anatero Mlauzi tsiku lachitatu.

“Ndibaireni, achimwene. Mungoti ‘ndalephera’ basi. Ng’ombe yake ndi ya pakamwa, khola lanu silichepa.”

“Ine ndigonjere chokwawa? Ndikumba mudzi wonse uno.”

Kadzamira anangoti, “Khasu ndi lanu.” Kulira kwa Mwandida ankakumva bwinobwino, pakuti nyumba zawo zinayang’anizana. Mtima unkamupweteka, koma zaka makumi awiri za chipongwe zinkapweteka koposa.

Nanga Nangozo? Mlauzi, monga mwini mbumba, anamuletsa kuponda pakhonde la Kadzamira. “Ukakapempha kumeneko, ine si mlongo wako.” Nangozo anamvera. Anaphika mizu, anatafunira mwana nthochi zosakhwima, n’kumadziuza kuti mawa achimwene apeza. Komanso tisamubisire: dzina lija la Chokwawa anayambitsa ndi iyeyo ali mtsikana, ndipo manyazi anamumanga miyendo kuposa lamulo la mlongo wake. Anadikira masiku asanu ndi anayi.

M’mawa wa tsiku lakhumi mwana anasiya kulira. Nangozo anadutsa bwalo, nagwada m’fumbi pamaso pa mlongo wake wamng’onoyo.

“Achimwene,” anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho chibadwire. “Ndalephera. Tengani ng’ombe, tengani khola lonse.”

Kadzamira sanaseke monga ankachitira bambo ake. “Achemwali, mtondo wosamva munsi sasema. Ndi mtengo wa mtondo uja uli kudimba lakale, kutsidya.”

Mlauzi anamva ali m’dzenje lake. Anathamangira kutsidyako, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anabwera atasenza mbiya yomata ndi dothi, yodzaza mapira, zina ziwiri atazisiya pansi pa mtengo. Nangozo anasinja, anaphika phala, naliuzira kuti lizizire. Atamuika mwana chala cha phala pakamwa, phalalo linangotsika m’mbali mwa tsaya. Mwandida anamwalira mphika ukadali wofunda.

Mapira aja anapulumutsa akulu atatuwo, ndipo zimandiwawa kunena kuti anadya, chifukwa njala ilibe maliro. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa lomwelo likakhala pakhosi limapha.

Tsiku loika maliro, abale a bambo wa mwanayo anafika nakhala pansi. Wamkulu wawo anati, “Tisanapite kumanda, mutiuze chadya mwana wathu. Njala musaitchule, pakuti chakudya chinalipo.”

Tsono inu mwamva nkhani yonse, ayankhireni atatu aja. Kodi ndi nkhalamba imene inasewera ndi mawu pa chinthu cha moyo? Ndi Mlauzi amene anakumba mpaka magazi koma osatha kunena liwu limodzi? Ndi Kadzamira amene anali ndi yankho m’kamwa mwana akufota? Kapena ndi mayi amene anagwada tsiku lakhumi m’malo mwa loyamba? Mwa anayiwa, anapha Mwandida ndani?